Denga Likadontha, Akonze Ndani?

Amayi anzathu, pa misonkhano timakhala pa benchi imodzi, koma ena mwa ife tili ndi nyumba zochititsa lendi pa Boma pa Ntcheu, ku Lizulu kapena kwa Kampepuza, pamene ena timalipira lendi mwezi ndi mwezi. Mvula ya Disembala ikayamba, ubale wathu umayesedwa. Malata akudontha, chimbudzi chadzaza, mpopi ukuchucha usiku wonse. Mwini nyumba akuti, "Mwaononga ndinu." Wokhalamo akuti, "Nyumbayi si yanga." Nanga akonze ndani?

Funsoli si la kuno kokha. Ku Britain, kumene anamwino anzathu ambiri adapita kukagwira ntchito, nyumba amazitenthetsa ndi makina a gasi otchedwa boiler. Lamulo la 1998 limati mwini nyumba aitane mmisiri wovomerezeka kudzayeza makinawo chaka chilichonse, ndipo apereke chikalata kwa wokhalamo. Eni nyumba ena amalipiriratu kangachepe ku kampani mwezi uliwonse kuti makina akafa, mmisiri abwere msanga. Chifukwa chake n'chakuti boiler yoonongeka imatha kutulutsa mpweya wakupha wosanunkha, womwe uja timauopa munthu akagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu Juni ku Tsangano. Adaona kuti moyo wa munthu sungadikire mkangano.

Ife tikuganiza chotere. Chimene chatha ndi ukalamba, dzuwa, mvula kapena chiswe, n'cha mwini nyumba. Iye ndiye adzatsala ndi nyumbayo wa lendi akadzasamuka, ndipo m'ndalama imene amalandira muli kale mtengo wa denga losadontha. Kulandira lendi yonse pa nyumba imene ana akugona atayala mabeseni n'chimodzimodzi kugulitsa chimanga ndi ndowa yophwanyika pansi. Koma chimene chaonongeka ndi manja, monga galasi loswedwa ndi mpira, loko wothyoledwa kapena ngalande yotsekeka ndi zinyalala, akonze wokhalamo. Alinso ndi udindo wina umene timauiwala: kunena msanga. Msomali umodzi ukazuka iye n'kukhala chete, pofika Febuluwale phaso laola, ndipo mlanduwo ndi wakenso.

Wina anena kuti, "Mwini nyumba ndi mayi wamasiye, lendiyo ndiyo fizi ya ana, ndipo wa lendi sadalipire miyezi itatu." N'zoona, ndipo wozemba lendi dala akudya thukuta la mnzake. Komabe ngongole ili ndi njira yake: kukambirana, mboni, kwa amfumu. Kulanga munthu pomusiyira chimbudzi chodzaza si njira. Ife amene tidagwirapo ntchito m'zipatala tikudziwa kuti ntchentche sifunsa amene walipira. Imachoka pa chimbudzi cha wa ngongole n'kukatera pa nsima ya mwini nyumba. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sidasankhe. Mwana wogona m'chinyezi n'kudwala chifuwa sadakongole kanthu kwa munthu.

Choncho zinthu zokhudza moyo, monga chimbudzi, madzi akumwa, waya wa magetsi wosenduka ndi khoma long'aluka, zikonzedwe kaye, za ndalama zikambidwe pambuyo. Ngati mwini nyumba alibe ndalama tsiku limenelo, agwirizane kuti wokhalamo akonze, asunge malisiti, achotsere pa lendi.

Tingachitenso ziwiri. Choyamba, munthu asanalowe m'nyumba tiyende naye chipinda ndi chipinda, tilembe zimene zili bwino ndi zoonongeka, tilembenso amene adzalipira bilu ya madzi ndi kugula mayunitsi a magetsi, pakhale mboni. Pepala silichotsa chikondi, limachiteteza. Chachiwiri, ife eni nyumba tizipatula kangachepe pa lendi iliyonse, kaya ku banki m'khonde, kuti pofika Okutobala tikhale titakwera pa denga mvula isanagwe.

Mutu umodzi susenza denga. Amene lero akulandira lendi pa Ntcheu, mwana wake akulipira lendi ku Ndirande kapena ku Johannesburg, pansi pa malata a munthu wina. Tisanayankhe wa lendi wathu akabwera kudzadandaula, tidzifunse: tikadafuna kuti mwana wathuyo ayankhidwe bwanji?