Mlandu wa Tombolombo

Ndili mwana tinkagwira atombolombo kudambo n'kuŵamanga ulusi kumchira kuti akhale ndege zathu. Akatopa tinkaŵataya. Palibe wamkulu anatidzudzulapo.

Sabata yatha, tili kumtsinje wa Mulunguzi, mnzanga wophunzira za zamoyo anavuula m'matope kachilombo kotuŵa, kosaoneka bwino, nati ameneyu ndiye tombolombo ali mwana. Amakhala m'madzi miyezi, mitundu ina zaka ndithu, akufundula kangapo. Mlomo wake wam'munsi umapindika kunsi kwa mutu. Mphutsi ya udzudzu kapena mbululu ikadutsa, umatambasuka n'kuiŵakha. Tsiku lina amakwera bango, khungu ling'ambika pamsana, atuluka wamapiko anayi uja. Chimodzimodzinso mbale wake woonda, amene amapinda mapiko akatera. Moyo woulukawo ndi wa masabata oŵerengeka chabe, omwewo amene ife tinkaseŵeretsa.

"Iwe, usadzaphenso," anatero mnzangayo. "Amadya udzudzu m'madzi ndi m'mwamba momwe. Ndi mdani wa malungo."

Ndinavomera, koma usiku sindinaone tulo. Kodi tombolombo tikumleka chifukwa choti amatigwirira ntchito? Nanga mitundu ikuluikulu imene imagwiranso njuchi, tiiphe poti ikutichepetsera uchi? Makolo ake ankauluka zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, ena mapiko otambalala masentimita 70, kulibe munthu woti amtumikire. Immanuel Kant, amene timamloŵeza pokonzekera mayeso, anakana zoyesa munthu chida chabe, koma nyama anazisiya pakhomo: kwa iye kuipa kwa kuzizunza n'kwakuti kumaumitsa mtima pa anthu anzathu. Apanso tombolombo wapulumuka chifukwa cha ife. Sizikundikwanira.

Tsono chimene chikundiwopsa kwenikweni n'chakuti muyeso womwewu ndinaumva kwathu. Agogo anga sagwiranso khasu. Patchuthi wachibale wina, poona nkhokwe ikutsika, anafunsa kuti gogoyu amathandiza chiyani. Ine wophunzirane ndinaŵateteza msanga: amalera ana, amaingitsa nkhuku pamphale. Ndinanyadira yankho langalo, osazindikira kuti ndavomereza funsolo, monga mnzanga uja pamtsinje.

Kalata yafika dzana. Maso a agogo achita khungu. Nkhuku zikudya mphale iwo ali pomwepo. Disembala ndikupita kumudzi, ndipo wachibale uja adzafunsanso.