Nyanja Ili ndi Chitunda

Mumzinda wa Norfolk, ku Virginia m'dziko la America, misewu ina imasefukira kumwamba kuli mbee. Madzi amchere amatumphukira m'ngalande zomwe anazikumba kuti zizichotsa madzi a mvula, eni magalimoto n'kuyamba kusakasaka pokwera poti aimikepo. Nthaka ya kumeneko ikutitimira, nyanja nazo zikukwera padziko lonse. Koma gwero lina la madziwo lili kutali ndi gombe, kosaoneka ndi maso.

Tinazolowera kuti madzi akakhazikika amakhala see, ngati a m'ndowa. Nyanja ya Atlantic siitero. M'kati mwake mumayenda mtsinje wa madzi ofunda, Gulf Stream, womwe Benjamin Franklin anaujambula pamapu cha m'ma 1770 atamva kwa msuweni wake Timothy Folger, mlenje wa anamgumi. Pakati pa Florida ndi Bahamas pamadutsa madzi oposa makyubiki mita 30 miliyoni pa sekondi iliyonse. Poti dziko limazungulira, madzi othamangawa amakankhidwira kudzanja lamanja, kutali ndi mtunda, moti tsidya la kunyanja ndi lokwera pafupifupi mita imodzi kuposa la kugombe. Chitunda chimenechi chilibe mwala kapena dothi. Chimaima ndi liwiro basi.

Liwirolo likachepa, chitunda chimaphwa, madzi n'kutsetserekera kumene kuli anthu. Mu 2009 ndi 2010 kayendedwe ka madzi a Atlantic kanafooka ndi pafupifupi 30 peresenti, mphepo nayo itasintha, ndipo kumpoto kwa New York nyanja inakwera masentimita pafupifupi 13. Angaoneke ochepa kwa amene khomo lake lili paphiri.

Chimandizunguza mutu n'chakuti anthu a m'gombe lonselo akhala akutchinjirizidwa ndi chinthu chomwe sanachimange, sanachilipire, ambiri sachiganizako n'komwe. Tikamva za ngozi ya madzi timayembekezera ukali: namondwe, mafunde, mkokomo. Apa choopsa ndi kutopa. Mtsinje sunakwiye, wangoyenda pang'onopang'ono.

Ndiye chiopsezo chotere amachilondera bwanji? Mu 1982 akatswiri anayamba kuyeza mtsinjewu pa waya wa telefoni wogona pansi pa nyanja ku Florida, chifukwa madzi amchere akamadutsa amabala timphamvu ta magetsi m'wayamo. Mu 2016 namondwe Matthew atasokoneza mtsinjewo, wayayo anaonetsa kuti madzi afooka, ndipo ku Norfolk nyanja inakhalabe yokwera kwa masiku angapo mphepo itapita kale.