Kodi Ogula Wotchi ya Mamiliyoni Amagula Chiyani?

Wotchi ya batire yotchipa kwambiri imasunga nthawi molondola kuposa wotchi ya golide yoyendera sipuling'i. Izi zayamba kalekale, kuchokera pomwe kampani ya Seiko idatulutsa wotchi ya Astron m'chaka cha 1969. Chonsecho mu 2014 munthu wina ku Geneva adalipira madola pafupifupi 24 miliyoni pogula wotchi yam'thumba imene kampani ya Patek Philippe idapangira Henry Graves mu 1933. Nanga ngati si nthawi, mkuluyu adagula chiyani?

Ine ndimati adagula zaka za moyo wa amisiri. Funso langa tsono n'lakuti: kodi n'chilungamo kuti luso lodyera munthu moyo wake wonse likathere m'thumba la munthu mmodzi? Tiyeni tione amisiri awiri.

Woyamba ndi John Harrison, kalipentala wa ku England. Masiku amenewo amalinyero ankalephera kudziwa kuti afika pati chakum'mawa kapena chakumadzulo. Mu 1707 zombo zinayi zankhondo zidasweka pa zilumba za Scilly, anthu oposa 1,000 n'kumira. Mu 1714 Nyumba ya Malamulo idalonjeza mapaundi 20,000 kwa wopeza njira. Nzeru yake inali yapafupi: dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, ndiye ukadziwa nthawi ya kwanu n'kuiyerekeza ndi nthawi ya dzuwa pomwe ulipo, wadziwa mtunda. Koma koloko yanji ingapirire mafunde, kutentha ndi chinyezi? Harrison adalimbana nazo zaka pafupifupi 30. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wotchi yake yachinayi, H4, itafika ku Jamaica mu 1762, idangophonya ndi masekondi 5. Komabe akuluakulu adamuzunguza, mpaka mu 1773, ali ndi zaka 80, ndi pomwe adalandira mapaundi 8,750 omaliza, Mfumu George III italowererapo.

Wachiwiri ndi Abraham-Louis Breguet wa ku Paris. Nkhani imati mu 1783 munthu wina adamuuza apangire Mfumukazi Marie Antoinette wotchi yoposa zonse, osaumira golide, osawerenga masiku. Mfumukaziyo adaidula mutu mu 1793 isadaione wotchiyo. Breguet naye adamwalira mu 1823. Mwana wake ndiye adaimaliza mu 1827, patatha zaka 44. Taganizani, abale anzanga, chida choyezera nthawi kusowa nthawi yokumana ndi mwini wake! Mu 1983 wakuba adaiba wotchiyi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Jerusalem, ndipo idakhala yobisika zaka zoposa 20.

Wina anganene kuti nkhani yatha: Harrison adapulumutsa anthu, Breguet adangosangalatsa olemera. Ayi, sindikuvomera msanga chotero. Mmisiri naye amadya, ndipo kawirikawiri ndi ndalama za olemera zimene zimampatsa mpata woyesa zatsopano. Komanso kukongola si tchimo. Munthu sakhalira nsima yokha. Woumba mbiya amaikongoletsa ngakhale madzi sakoma chifukwa cha zokongoletsazo.

Pomwe ndimaona cholakwa ndi apa. Luso la Harrison lidayenda. Larcum Kendall adapanga wotchi yofanana ndi H4, James Cook n'kupita nayo panyanja mu 1772, ndipo amisiri ena adapeza njira zopangira mawotchi a zombo motchipa. Luso lotere lili ngati moto: mnzako akapala, wako suchepa. Koma wotchi yogulidwa kuti itsekeredwe m'chipinda cha banki, podikira mtengo ukwere, yasanduka ndalama chabe. Palibe aiona, palibe aphunzirapo, palibe n'komwe aifunsa nthawi. Kodi pamenepo mwini wake akusiyana bwanji ndi wakuba uja, amene adaibisa zaka zonsezo? Kusiyana kulipo ndithu, poti wina adalipira. Koma kwa ife tonse otsala zotsatira zake n'chimodzimodzi, eti?

Choncho sindimudzudzula wogula chifukwa cha mtengo. Ndimangomufunsa kuti achita nayo chiyani. Ndalama zampatsa golide ndi galasi, koma zaka za mmisiri wangosungizidwa, monga momwe munthu amasungira mbewu ya mudzi wonse. H4 ili ku Greenwich, poti aliyense angathe kukaiona, ndipo wotchi ya Breguet idabwerera ku Jerusalem, kumene idabedwa. Kumeneko ndiye kwawo kwa ntchito zotere: pamaso pa anthu.