Duwa la pa kapu

Nkhungu idakali kukuta phiri la Dedza, ndipo ambiri mwafumbata kapu ya tiyi kuti zala zifunde. Taiyang'anani kapuyo. Mwina pali duwa.

Ku Dedza Pottery, komwe anayamba kuumba mu 1987, kuli anthu amene amakhala tsonga tsiku lonse, kaburashi m'manja, kujambula pa mbale ndi makapu asanalowe mu uvuni. Ndinaimapo tsiku lina kuonerera dzanja likukhotetsa kamzere kamodzi mpaka kasanduka tsamba. Mtima unangoti zii.

Chifukwa chiyani maluwa? Ine ndimaganiza za munda wa kachewere ku Bembeke. Ukachita maluwa, oyera ndi ofiirira, mlimi maso ake amakhala pansi, pa zimene zikukula m'nthaka. Pakapita masabata ochepa maluwa aja ayoyoka, palibe anawayamikira. Wojambula ndiye amene amaima n'kuwaona, nafuna kuti nafenso tiwaone.

N'chifukwa chake sabisa ntchito yake m'chipinda. Amaiyala poyera, pamene wapaulendo wochoka ku Lilongwe angapatuke, mwana wasukulu n'kusuzumira osalipira kanthu. Ndimakonda zimenezo kwambiri.

Kujambula si kwachilendo kuno. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo UNESCO inawazindikira mu 2006. Ku Mphunzi utoto uja ukuonekabe m'mawa uno, dzuwa likungoyamba kugunda thanthwe.

Imwani tiyi wanu asanazizire.