Chilungamo Posankha Timu ya Kiriketi: Mlandu wa Basil D'Oliveira

Masewero a Test ndiwo aatali koposa m'kiriketi. Amodzi amatha kutenga masiku asanu, ndipo maiko awiri amasewera angapo motsatana, nthawi zina kwa miyezi iwiri. M'bwalo mumalowa osewera 11 mbali iliyonse, koma dziko likamapita kukasewera kunja limatenga anthu pafupifupi 16. Amene amasankha anthuwa ndi kagulu kochepa, kawirikawiri ka akatswiri akale, kothandizana ndi kaputeni ndi mphunzitsi. Mayina asanatuluke, manyuzipepala ndi ochemerera amakangana za amene akuyenera kupita ndi amene akuyenera kutsala. Pansi pa mkanganowo pali funso lakale la nzeru za anthu ndi la chipembedzo: malo akakhala ochepa, ofuna ali ambiri, wosankha amachita chilungamo motani?

Yankho lodziwika kwambiri n'la Aristotle, wanzeru wa ku Greece wakale. Iye anaphunzitsa kuti pogawa chinthu tiyambe tafunsa ntchito yake. Anapereka chitsanzo cha zitoliro: zabwino koposa zipite kwa odziwa kuziimba, osati kwa obadwira m'banja lachifumu kapena okongola nkhope, chifukwa chitoliro chilipo kuti chiimbidwe bwino. Potsata ganizoli, malo m'timu ndi a munthu amene angathandize timuyo kupambana. Mtundu wake, khungu lake ndi chuma cha makolo ake zilibe gawo.

Mfundoyi njomveka, koma kuigwiritsa ntchito n'kovuta. Timu si mndandanda wa anthu 11 aluso koposa m'dziko. Imafunika omenya mpira, oponya mothamanga, oponya mozungulitsa mpira, wogwira mpira kuseri kwa mawiketi, komanso mmodzi kapena awiri odziwa kumenya ndi kuponya komwe. Mabwalo nawo amasiyana. Ku England chinyezi chimachititsa mpira kukhota m'malere, ku India nthaka youma imakomera oponya mozungulitsa, pamene ku South Africa ndi ku Australia mpira umanjanja kwambiri. Choncho wosankha sangowerenga marani amene munthu anapeza chaka chatha. Amalosera za mawa, ndipo olosera awiri oona mtima atha kusiyana maganizo popanda wina kukhala wabodza.

Mpata wa tsankho uli pomwepa. Popeza luso silipimidwa ndi sikelo, munthu wokondera amatha kubisa kukondera kwake m'chifukwa chomveka chamasewero, ndipo nthawi zina amadzinamiza ndi iye yemwe. Baibulo limalidziwa vutoli. Mneneri Samueli atapita kunyumba ya Jese kukadzoza mfumu, anakopeka ndi msinkhu wa Eliabu, ndipo anachita kudzudzulidwa kuti Mulungu saweruza potengera maonekedwe. Kalata ya Yakobo nayo imatsutsa mpingo wopatsa wolemera mpando wabwino n'kumuuza wosauka kuti aime chakumbuyo. M'nkhani zonse ziwirizi amene ali pa mlandu ndi wosankha, osati wosankhidwa.

M'mbiri ya kiriketi, chitsanzo chachikulu cha nkhaniyi ndi cha Basil D'Oliveira. Iye anabadwira ku Cape Town mu 1931, ndipo malamulo a tsankho a South Africa anamuika m'gulu la makaladi. Ngakhale anali katswiri wodziwika m'makalabu a anthu osakhala azungu, sakanaloledwa kusewerera timu ya dziko lake. Analembera kalata John Arlott, woulutsa masewero pa BBC, amene anamuthandiza kupeza malo ku kalabu ya Middleton, m'chigawo cha Lancashire, mu 1960. Kenako analowa timu ya Worcestershire, ndipo mu 1966 anasewerera England koyamba, polimbana ndi West Indies.

England inali ndi ulendo wopita ku South Africa kumapeto kwa 1968, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzina la D'Oliveira lidzabweretsa vuto. Mu January 1967 nduna ina ya boma la South Africa inali itanena poyera kuti sadzaloledwa kulowa ndi timuyo. Bungwe la Marylebone Cricket Club, lodziwika kuti MCC, limene linkayendetsa maulendo a England, linafunsa anzawo a ku South Africa ngati adzalandire wosewera aliyense wosankhidwa, koma silinalandire yankho lomveka, ndipo silinaumirire. Mwamseri, nduna yaikulu ya South Africa, John Vorster, anauza Lord Cobham, mmodzi wa akuluakulu a kiriketi ku England, kuti ulendowo udzalephereka ngati D'Oliveira asankhidwa. Uthengawo unafika kwa akuluakulu ochepa a MCC, amene sanauulule ku komiti yonse. Pambuyo pake mkulu wina wa kampani ya fodya anayesa kumukopa D'Oliveira ndi ntchito yophunzitsa masewero ya malipiro ambiri, kuti adzichotse yekha pa mndandanda. Iye anakana.

Kasewero kake mu 1968 sikanali kokhazikika. Paulendo wa ku West Indies sanachite bwino. M'masewero oyamba olimbana ndi Australia ku Old Trafford anapeza marani 87 osatulutsidwa, komabe anamuchotsa m'timu. Anabwerera m'masewero achisanu, ku The Oval, Roger Prideaux atalephera kusewera. Kumeneko anapeza marani 158, ndipo tsiku lomaliza anatulutsa Barry Jarman pa nthawi imene Australia inkaoneka kuti ipulumuka. England inapambana. Usiku womwewo osankha anakumana mpaka m'bandakucha, ndipo pa 28 August analengeza mayina 16 opanda D'Oliveira. Ena mwa amene ankadziwa uthenga wa Vorster anali nawo m'chipindamo.

Wapampando wa osankha, Doug Insole, anafotokoza kuti m'mabwalo a ku South Africa kaponyedwe ka D'Oliveira sikakanathandiza, choncho anamuyesa ngati womenya mpira chabe, ndipo panali omenya ena omuposa. Chifukwachi pachokha sichinali chopanda nzeru, ndipo akatswiri ena anachivomereza. Koma anthu ambiri sanachikhulupirire. M'busa David Sheppard, amene anakhalapo kaputeni wa England ndipo pambuyo pake anadzakhala bishopu wa Liverpool, anatsogolera mamembala a MCC ofuna msonkhano wapadera. Pa 16 September woponya mpira Tom Cartwright anadzichotsa m'timu chifukwa chovulala, ndipo osankha anaitana D'Oliveira kuti alowe m'malo mwake. Tsiku lotsatira Vorster, polankhula ku Bloemfontein, anati timuyo yasankhidwa ndi adani a boma lake ndipo sailandira. Pa 24 September MCC inathetsa ulendowo.

Olemba mbiri amakanganabe ngati osankhawo anagonjera ndale kapena anaweruza moona mtima. Za mumtima mwa munthu palibe angazitsimikize. Komabe mlanduwu umaonetsa kuti chisankho chingayesedwe ngakhale mtima uli wobisika, ndipo miyeso yake ndi itatu.

Woyamba ndi wakuti chifukwa chisasinthe nkhope. Munthu amene pa 28 August ananenedwa kuti si woponya mpira woyenera South Africa, patangopita masabata osakwana atatu analowa m'malo mwa woponya mpira. Ngati chifukwa choyamba chinali choona, chisankho chachiwiri chinali cholakwika. Ngati chachiwiri chinali cholondola, choyamba chinali chofooka. Vorster anagwiritsa ntchito kusagwirizana kumeneku ponena kuti osankha agonjera otsutsa tsankho, pamene otsutsawo ankati poyamba anagonjera Vorster. Chifukwa chosinthasintha chimalanda wosankha chikhulupiriro cha mbali zonse.

Wachiwiri ndi wakuti woweruza asakhale ndi chake chimene chingatayike pa mlandu. Akuluakulu a MCC ankaufuna ulendowo, chifukwa cha ndalama ndi ubale wakale ndi azungu oyendetsa kiriketi ku South Africa. Munthu wodziwa kuti dzina limodzi lithetsa chinthu chimene iye akuchifuna sangaliyese dzinalo ndi mtima womasuka, ngakhale atayesetsa. Cholakwa chachikulu chinachitika msonkhano usanayambe, pamene bungwe linasiya kuumirira kuti South Africa iyankhe poyera. Likanaumirira, nkhani ya ndale ikanathera kwa andale, ndipo osankha akanatsala ndi funso la kiriketi lokha.

Wachitatu ndi wakuti chimene chikukhudza chisankho chinenedwe poyera. Uthenga wa Vorster unabisidwa, ndipo utadziwika pambuyo pake unadetsa chilichonse chimene osankha ananena. Mlandu suola: South Africa inasewera Test yake yomaliza mu 1970, ndipo sinaseweranso mpaka 1992, tsankho la boma litayamba kugwa.

Dziko lomwelo litabwerera m'masewero linakumana ndi funsoli kuchokera mbali ina. Kwa zaka zambiri mabwalo abwino, aphunzitsi ndi sukulu zosewera kiriketi zinali za azungu, kotero kusankha potsata luso looneka kukanangopitiriza zotsatira za tsankho. Oyendetsa masewero anayamba kuika ziwerengero za osewera osakhala azungu. Mu January 2002, ku Sydney, pulezidenti wa bungwe la kiriketi la South Africa, Percy Sonn, anakana timu imene osankha anapereka, n'kulamula kuti Justin Ontong, amene sanali mzungu, asewere m'malo mwa Jacques Rudolph, amene anali mzungu. Mu 2016 bungwe la Cricket South Africa linakhazikitsa lamulo lakuti pa chaka chonse timu ya dziko izikhala ndi osewera 6 osakhala azungu pa masewero alionse mwa avareji, awiri mwa iwo akuda.

Otsutsa njirayi amati khungu labwereranso m'chipinda chosankhira, ndipo wosewera ngati Rudolph amalipira mlandu umene sanapalamule. Amawonjezera kuti wosankhidwayo nayenso amavulala, chifukwa anthu amakayikira luso lake ngakhale ali nalo. Dandaulo limeneli ndi lenileni. Ochirikiza njirayi amayankha kuti mfundo ya Aristotle imagwira ntchito pokhapokha onse atapatsidwa mwayi wophunzira kuimba chitolirocho. Mwana wa kumudzi ku Eastern Cape amene sanaonepo bwalo la kapinga sangayesedwe ndi muyeso umodzi ndi mwana wa sukulu yolemera, ngati kuti anayambira pamodzi. Amanenanso kuti timu ya dziko ili ndi ntchito ziwiri, kupambana ndi kuimira anthu a dzikolo, ndipo timu imene anthu ambiri sadzionamo imauma mizu pakapita nthawi. Amatchula Makhaya Ntini, wakuda woyamba kusewerera South Africa m'masewero a Test mu 1998, amene anadzatulutsa omenya mpira 390, ndi Temba Bavuma, amene mu June 2025 anatsogolera dzikolo kugonjetsa Australia ku Lord's n'kutenga chikho cha dziko lonse cha masewero a Test.

Kufananiza lamulo la Vorster ndi ziwerengero za lero ngati chinthu chimodzi n'kulakwitsa. Loyamba linkatseka khomo kuti gulu limodzi lisalowe mpaka kale. Lachiwiri cholinga chake n'kutsegula khomo limene linatsekedwa. Komabe cholinga chabwino sichichotsa miyeso itatu ija. Lamulo lolengezedwa chaka chisanayambe, lodziwika kwa wosewera aliyense ndi logwira ntchito mofanana, anthu atha kulitsutsa, kulikonza ndi kulithetsa ntchito yake ikatha. Kusintha dzina limodzi usiku woti mawa masewero ayamba, monga zinachitikira ku Sydney, kumasenzetsa anyamata awiri katundu amene anayenera kusenzedwa ndi bungwe. Ndipo ziwerengero m'timu ya dziko sizilowa m'malo mwa mabwalo, zipangizo ndi aphunzitsi m'madera osauka, kumene chilungamo chenicheni cha kusankha chimayambira.

Wosankha sangalonjeze kuti sadzalakwitsa, chifukwa ntchito yake njolosera, ndipo zotsatira za masewero sizitsimikiza kuti anachita chilungamo: timu yosankhidwa mokondera itha kupambana, yosankhidwa bwino n'kugonja. Chimene angafunsidwe ndi chakuti chifukwa chimene wanena chikhale chimene chinamutsogoleradi, kuti achigwiritse ntchito mofanana kwa aliyense, ndi kuti akhale wokonzeka kuchifotokoza pamaso pa munthu amene watsala. D'Oliveira anasewerera England masewero a Test 44, ndipo anamwalira mu 2011 asanasewereko Test m'dziko limene anabadwira. Kuyambira mu 2004, England ndi South Africa zikakumana m'masewero a Test zimalimbirana chikho chotchedwa dzina lake.