Kodi Mpando wa Khansala Ukhale ndi Malire?

Abale athu a kumidzi, mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko m'caka ca 1975, uyang'aniridwa ndi makhansala osankhidwa ndi anthu a m'mawadi ace. Khansala apatsidwa zaka zisanu, ndipo lamulo silimletsa kuimanso kawiri, katatu, ngakhale kufikira imvi. Nanga nkoyenera kodi kuti osankha amuikire malire?

Ena ati, Iai. Wanchito wokhulupirika acotsedwerenji? Iye adziwa ngalande zotsekeka za ku Old Town, adziwanso makomo a maofesi a ku City Centre. Mau awa ali ndi nzeru. Koma tiyeni tipenye mtima wa munthu. Ufumu wa m'mudzi uyenda ndi mtundu. Ukhansala ndiwo cobwereka. Ndipo munthu akasunga khasu la mnzace zaka zambiri, ayamba kuliyesa lace. Momwemonso wokhalitsa pampando aiwala amene anambwereka. Makutu ace azolowera mau a eni nyumba za mipanda ku Area 10 ndi Area 43, koma kulira kwa mai wogulitsa ndiwo pamsika kummvekera kutali.

Dziko lathu linaphunzira ici ndi misozi. M'caka ca 1971 Dr Kamuzu Banda anaikidwa pulezidenti wa moyo wace wonse. Cifukwa cace malamulo a 1994 analola pulezidenti maulendo awiri okha otsatizana. Ndipo m'caka ca 2002, pamene ena anafuna kufafaniza malirewo kuti Bakili Muluzi aimenso, mipingo inakana, ndipo m'Nyumba ya Malamulo mavoti sanakwane. Cimene ciyenera mpando waukuru sicingaipire mpando waung'ono.

Koma ticenjere ndi cinthu cimodzi. Malire otere asasiyidwe m'manja mwa akuru a boma okha, pakuti tinaona cimene cingacitike: kuyambira 2005 kufikira 2014 mipando ya makhansala inakhala yopanda anthu m'dziko lonse, popeza cisankho sicinacitike. Mwini khasu ndiye anene tsiku lolibweza.

Tsono ife titi: malire ngabwino, koma mwini wace ndiye wosankha. Lingakhale lamulo lisanalembedwe, mphamvu iri m'dzanja lace pa tsiku la cisankho. Inunso a kumidzi muli nao makhansala anu. Akafika kudzapemphanso mpando, muwafunse mofatsa kuti, Khasu lathu lija munalima nalo ciani?