Bawo, Maere ndi Dzanja la Mulungu

Ganizo Lofunika: Munthu adzafunsidwa za m'mene anagwiritsira ntchito njere zimene zinali m'dzanja mwake. Kumene njere yotsiriza idzagwere adziwa ndi Mulungu.

Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, amuna awiri akhala moyang'anizana, thabwa la bawo liri pakati pawo. Mmodzi watola njere, nayamba kuziika imodziimodzi m'maenje. Oonerera ali chete. Njere yotsiriza yagwera m'dzenje m'mene munali zina kale, tsono watolanso zonsezo napitiriza ulendo, kufikira wadya njere za mnzake zochuluka koposa m'mene iye mwini anayembekezera. Wogonjayo apukusa mutu nati, "Achimwene, lero mwayi unali wanu." Kodi wanena zoona? Funsoli lioneka laling'ono, koma ali yense amene anakolola pang'ono atalima kwambiri, kapena anaika mwana m'manda atachezera usiku wonse kupemphera, adziwa kulemera kwake.

Masewera Opanda Maere

Bawo liri ndi maenje 32, m'mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndi njere 64. Mulibe maere m'menemo, ndipo palibe chobisika, pakuti njere zonse ziri poyera ndipo ali yense akhoza kuziwerenga. Munthu akasankha dzenje loyambira ndi mbali yolowera, mapeto a ulendowo akhazikika kale, dzanja lisanayende nkomwe. Chovuta nchakuti ulendowo ukhoza kuzungulira kangapo, ndipo njere iri yonse yoikidwa isintha chiwerengero cha m'dzenje limene dzanja lidzafikemonso. M'chaka cha 1995, Alexander de Voogt wa ku Netherlands anatulutsa buku lonena za akatswiri a bawo a ku Zanzibar, ndipo dzina la bukulo linali lokhudza malire a nzeru za munthu. Angakhale katswiri afika pamene sathanso kuona patsogolo. Chotero chimene wosewera achitcha mwayi ndiwo malo amene maso ake analekezera.

Werengani Yakobo 4:13-15 ndi Luka 12:16-21. Amalonda a m'kalata ya Yakobo anapangana za mudzi wokachitako malonda, za chaka chathunthu ndi za phindu lake. Mwini chuma wa m'fanizo la Yesu anaganiza zopasula nkhokwe zake ndi kumanga zazikulu. Kulinganiza za mawa sikunali tchimo lawo, pakuti Yosefe anasunga tirigu wa zaka zisanu ndi ziwiri motsogozedwa ndi Mulungu. Kulakwa kwawo kunali kuyesa kuti aliona thabwa lonse kufikira njere yotsiriza.

Masewera Opanda Kusankha

Ana athu asewera masewera ena, a njoka ndi makwerero, amene anachokera ku India nafika ku England cha m'ma 1890. Thabwa lake liri ndi timabwalo 100. Wosewera aponya dayisi ya mbali zisanu ndi imodzi, nayenda monga mwa chiwerengero chimene chatuluka. Akaima pa makwerero akwera, akaima pa mutu wa njoka atsika. M'masewera amenewa mulibe posankha. Mwana wa zaka zinayi akhoza kugonjetsa mphunzitsi, ndipo wopambana alibe chodzitamandira, wogonja alibe chodzitsutsa.

Alipo anthu, angakhale mu mpingo, amene ayesa moyo uli wotero. Iwo amati, "Ndinabadwa ndi tsoka," kapena, "Zinalembedwa kale." Ganizo limeneli lipatsa mpumulo wonyenga, chifukwa lichotsa mlandu pa munthu. Komanso libala zipatso zowawa. Wina aleka kulimbika, wina apita kwa sing'anga kukafuna mankhwala a mwayi, ndipo wina ataya ndalama za ufa pa njuga, poyembekeza kuti tsiku lina adzaima pa makwerero.

Werengani Mateyu 25:14-30. Yesu sanabise kuti anthu sayamba mofanana. Kapolo wina analandira matalente asanu, wina awiri, wina imodzi. Palibe wa ife anasankha makolo ake, mudzi wobadwira, kapena mphamvu ya thupi lake. Koma taonani kuti wa asanu ndi wa awiri anayamikidwa ndi mawu amodzimodzi. Wa talente imodzi sanatsutsidwe chifukwa cha kuchepa kwa gawo lake, koma chifukwa analikwirira, naloza chala mbuye wake. Akuluakulu anati, ukaipa dziwa nyimbo. Kodi ndi njere ziti zimene ziri m'dzanja mwanu lero, zimene mwazikwirira poyang'ana dzanja la mnzanu?

Maere a Hamani

Nanga ngati zina zitigwera popanda kusankha kwathu, kodi ziribe wozilamulira? Werengani Estere 3:7 ndi Miyambo 16:33. M'chaka cha 12 cha ufumu wa Ahaswero, mwezi woyamba wa Nisani, Hamani anachititsa maere kuti apeze tsiku lamwayi lophera Ayuda. Maerewo anagwera mwezi wa 12, wa Adara. Iye anakondwa, osazindikira kuti wapatsa anthu a Mulungu miyezi khumi ndi umodzi. M'nyengo imeneyo Estere anasala kudya masiku atatu nalowa kwa mfumu osaitanidwa, mfumu inasowa tulo usiku wina niwerengeredwa za Moredekai, ndipo lamulo lachiwiri linafika ku maiko 127 a ufumuwo. Dzina la Mulungu silitchulidwa m'buku lonse la Estere, koma wowerenga aona dzanja lake m'zinthu zimene zikanatchedwa mwayi. Kufikira lero Ayuda asunga phwando la Purimu, dzina lochokera ku maere omwewo.

Onani bwino kuti Estere sanakhale pansi kudikira. Maere anali m'dzanja la Mulungu, koma kulowa m'bwalo la mfumu kunali m'dzanja la Estere. Ndiponso analowa asanadziwe ngati adzatuluka wamoyo.

Pamene Tasewera Bwino Koma Tagonja

Pano mpamene funso lathu lilemera. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kumwera kwa Malawi. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 1,000. Nyumba ina inakokoloka, ya pafupi nayo inatsala. Tsoka silinunkha. Kodi tinene kuti otsalawo anasewera bwino koposa anzawo?

Werengani Luka 13:1-5 ndi Mlaliki 9:11. Nsanja ya ku Siloamu itagwa nipha anthu 18, Yesu anakana poyera kuti iwo anali ochimwa koposa ena a m'Yerusalemu. Mlaliki nayenso anaona kuti waliwiro sapambana nthawi zonse, ndi kuti wanzeru akhoza kugona ndi njala. Tsono tichenjere ndi mawu athu pamaliro ndi pa mphasa ya wodwala. Mabwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete, nalakwa pamene anayamba kuwerenga thabwa limene sanali kuliona. Tichenjerenso kuti tisaike choipa chiri chonse pa Mulungu, pakuti m'fanizo la namsongole Yesu anasonyeza kuti m'munda mulinso dzanja la mdani (Mateyu 13:24-30). Chimene talonjezedwa nchakuti mdaniyo sadzaika njere yotsiriza. Pa Gologota asilikali anachita maere pa malaya a Yesu, osadziwa kuti ora lomwelo limene linaoneka la kugonja ndilo linali la chipulumutso chawo (Yohane 19:23, 24).

Kuvomereza si Kupinda Manja

Wosewera bawo wokhwima sataya nthawi kulirira njere zimene zadyedwa. Sangathe kuzibweza, ndipo akaumirira kuziganizira alephera kuwerenga zimene zatsala. Ikafika nthawi yake, alandira thabwa monga liri, osati monga akanafuna kuti likhale, nasankha bwino koposa m'mene angathere. Kuvomereza kwa Mkhristu nkotero, koma kuli ndi chinthu chimodzi choposa: iye adziwa Amene aona mapeto.

Werengani 2 Akorinto 12:7-10. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe. Sunachotsedwe. Iye sanaleke kulalikira, ndipo sanayese kuti kukanidwako ndiko kutayidwa. M'Getsemane Ambuye wathu anapempheranso katatu, nanena chokhumba chake momveka, kenaka nachipereka kwa Atate. Kuvomereza kumene sikunayambe ndi kupempha ndi kugwira ntchito ndi ulesi chabe. Kulimbika kumene sikutha kunena kuti kufuna kwa Mulungu kuchitike kusanduka nkhawa yosagoneka tulo. Nchifukwa chake Mlaliki 11:6 atilangiza kufesa m'mawa ndi madzulo omwe, ndipo chifukwa chimene apereka nchakuti sitidziwa mbewu imene idzamere. Kusadziwa kumene kufooketsa wokhulupirira tsoka ndiko kumene kutumiza wokhulupirira Mulungu kumunda.

Mbale, mlongo, kapena sabata ino dzanja lanu lagona m'dzenje lopanda kanthu. Ntchito yatha, mayeso sanayende bwino, kapena a dokotala anena mawu amene simunafune kuwamva. Musadzitche watsoka, ndipo musadzizenge mlandu pa zimene simukanatha kuziona. Werengani njere zimene zatsala, pempherani, ndipo nthawi yanu ikafika, yendetsani dzanja.

Mafunso Okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu za m'moyo mwanu zimene simunasankhe, ndi zitatu zimene ziri m'dzanja mwanu. Kodi nkhawa yanu yambiri iri pa ziti?

2. Tingasiyanitse bwanji kudalira Mulungu ndi kuthawa udindo? Ganizirani za mlimi, za wodwala, ndi za mwana wa sukulu.

3. Mbale wa m'kalasi mwanu wataya nyumba ndi madzi osefukira, pamene yanu yatsala. Mungapereke bwanji umboni wa kusungidwa kwanu popanda kumulasa mtima?